Kumva, Kumvera ndi Kumvetsa: Mbiri ya Funso M'sukulu za M'Malawi

Mawu oyamba

Aliyense amene adaphunzitsapo m'sukulu za m'Malawi, kuyambira ku pulayimale mpaka ku yunivesite, akulidziwa bata limene limagwa m'kalasi mphunzitsi akafunsa kuti, "Alipo ali ndi funso?" Maso amagwa pansi, manja amayamba kusanthula makope, ndipo mphunzitsi akati, "Mwamva?" kalasi yonse imavomera pamodzi kuti, "Tamva." Kawirikawiri anthu amati bata limeneli ndi mwambo wa makolo, poti mwana waulemu sabweza mawu kwa wamkulu. Maganizo amenewa sakwanira. Makolo omwewo ndiwo adatisiyira mwambi woti safunsa adadya phula. Nthano siipitirira ngati omvera sakuvomereza kuti "tili tonse", ndipo woponya ndagi amadikira kuti ana alimbane nayo mpaka aimasule. Ngakhale pabwalo la milandu, munthu wamba amatha kutsutsa nduna ya mfumu, malinga atsutse mwaulemu.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti bata la m'kalasi lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya akuluakulu. Ana amaphunzira kaphunziridwe poona momwe akulu a pasukulu amakhalirana okhaokha: mmishoni ndi mphunzitsi wachikuda, woyendera sukulu ndi mphunzitsi wamkulu, boma ndi aphunzitsi onse. Kumene akulu adaloledwa kufunsana, ana adafunsa. Kumene akulu adaopana, ana adaloweza.

Chichewa chimatithandiza kuiona bwino nkhaniyi. Kuchokera ku tsinde limodzi timapeza aneni anayi: kumva, kumvera, kumvetsa ndi kumvana. Kumva ndi ntchito ya khutu. Kumvera ndi kuchita chimene wauzidwa. Kumvetsa ndi kufika pa gwero la chinthu, ndipo palibe amafikapo osafunsa. Kumvana kumafuna anthu awiri, aliyense wa iwo ali ndi ufulu wolankhula. Mwana akati "tamva", sitidziwa kuti wanena uti mwa aneni amenewa. Mbiri imene tilondole pano ndi ya momwe akulu ankamusankhira mneniyo.

Mishoni zitatu, makhalidwe atatu

Sukulu zoyamba m'dziko muno zidabwera ndi amishoni, ndipo mpaka m'chaka cha 1926 boma la atsamunda lidalibe nthambi yoyang'anira maphunziro. Choncho mishoni iliyonse inkaumba sukulu zake molingana ndi khalidwe la anthu amene ankaitsogolera. Baibulo lidali limodzi, masamu adali amodzimodzi, koma ophunzira otuluka m'sukuluzi adali osiyana.

Ku Blantyre, David Clement Scott, amene adatsogolera mishoni kuyambira 1881 mpaka 1898, adali munthu womvetsera. Dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892 ikuchitira umboni, pakuti munthu sangalembe buku lotero asanakhale wophunzira wa anthu amene adabwera kudzawaphunzitsa. M'zaka za m'ma 1890 iye adasankha Aafirika asanu ndi awiri kukhala madikoni, nawapatsa mphamvu zenizeni zoweruza nkhani za mumpingo ndi kuyendetsa ntchito m'madera akutali. Azungu a minda, ngakhalenso akuluakulu ena a mpingo ku Scotland, adaipidwa nazo. Koma mwana wa sukulu pa Blantyre ankadzionera yekha munthu wakuda akukambirana nkhani ndi mzungu, mawu ake nkumveka. Mwa madikoniwo mudali Harry Kambwiri Matecheta, amene adadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha, komanso John Gray Kufa, amene adaphedwa ndi boma chifukwa cha nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915.

Nkhondoyo itatha, boma lidakhazikitsa komiti yofufuza chimene chidaiyambitsa, ndipo azungu ambiri a minda adaloza chala sukulu za mishoni ndi aphunzitsi achikuda amene ankagwira ntchito popanda mzungu wowalondera. Imodzi mwa nkhani zimene zidakula pamaso pa komitiyo idali ya chipewa. Mwafirika ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, pomwe mzunguyo nthawi zambiri sankabweza ulemuwo. Alexander Hetherwick, amene adalowa m'malo mwa Scott, adateteza sukulu za mishoni, nanenetsa kuti ulemu uyenera kuchokera mbali zonse ziwiri. Mkangano umenewu ukusonyeza kuti atsamunda adadziwa pamene padagona nkhani. Chimene chinkawaopsa si zimene zidalembedwa m'mabuku a sukulu, koma chizolowezi choti munthu wakuda nayenso amayankhidwa.

Kumpoto, Robert Laws adatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894. Kumeneko ankaphunzitsa Chingerezi, uphunzitsi, ntchito zamanja ndi zaubusa, ndipo ophunzira adali ndi bwalo lawo la mtsutso. Zipatso zake zidaoneka msanga. Levi Mumba adali mmodzi mwa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mu 1944 adakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Clements Kadalie adakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Komabe Laws yemweyo adali wochedwa kugawana udindo ndi anthu amene adawaphunzitsa. Charles Domingo adamaliza maphunziro a ubusa koma adachoka pamishoni asanadzozedwe. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chifikire mishoniyo, ndipo Mwasi adatuluka mumpingo mu 1933 nkuyambitsa wake. Ophunzira a ku Khondowe adatengera zonse ziwiri: luso lotsutsa ndi kulemba madandaulo mwadongosolo, komanso chidziwitso chowawa choti satifiketi siitsegula chitseko ngati mwini nyumba sakufuna.

M'chigawo chapakati, amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene adayambira ku Mvera mu 1889 nadzakhazikika ku Nkhoma, adatsata njira ina. Iwo adalimbikira sukulu za m'midzi, chinenero cha anthu ndi ulimi, ndipo Chingerezi ankachipereka mosinira. Mphunzitsi wa m'mudzi adali pansi pa ulamuliro wolimba wa mmishoni, ndipo sukuluzi sizidatulutse makalaliki ndi andale ambiri ngati za kumpoto. Koma ana a kumeneko adaona chinthu china. Adaona akulu, William Murray ndi Aafirika omuthandiza, akutha zaka zambiri akusinkhasinkha mawu a Chinyanja pomasulira Buku Lopatulika, limene lidatha mu 1922. Sizodabwitsa kuti kudachokera Samuel Josia Nthara, mphunzitsi amene buku lake la Nthondo lidapambana mphoto mu 1933. Akulu adalemekeza chinenero cholembedwa, ana nawonso adachilemekeza. Make mbuu, mwana mbuu.

Boma lilowererapo

Komiti ya Phelps-Stokes itayendera dziko lino mu 1924, boma lidakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, kenaka sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929. Ku Domasi mphunzitsi ankabwera ndi banja lake, nakhala m'mudzi wachitsanzo, kuti akabwerera kwawo anthu akaonere kwa iye ukhondo, ulimi ndi kasamalidwe ka pakhomo. Ngakhale cholinga chake chidali chosunga Mwafirika kumudzi, njirayi idavomereza mfundo yoona, yoti mphunzitsi amaphunzitsa ndi moyo wake wonse.

Chimene chidasintha kwambiri kaphunziridwe ndi kuchepa kwa malo. Sukulu ya sekondale ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Ana zikwizikwi ankalimbirana malo owerengeka. Mbiri ya mphunzitsi idayamba kuyezedwa ndi chiwerengero cha ana amene asankhidwa, ndipo makolo adazolowera kubwezera mwana m'kalasi yomaliza ya pulayimale kawiri kapena katatu mpaka dzina lake lituluke. Funso lofunika m'kalasi lidasanduka loti, "Kodi zimenezi zibwera pamayeso?" Funsoli ana adalimva koyamba pakamwa pa akulu.

Ngodya zinayi

Dziko litalandira ufulu mu Julayi 1964, padangopita miyezi iwiri kuti phunziro loyamba la nthawi yatsopano liperekedwe, ndipo lidaperekedwa kwa akulu. Mu Sepitembala nduna zimene zidatsutsana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda zidachotsedwa, zina zidatula pansi udindo, ndipo zambiri zidathawira kunja. Mwa izo mudali Kanyama Chiume, amene adakhalapo nduna ya zamaphunziro, ndi Henry Masauko Chipembere, amene adali pa udindowo nthawi imeneyo. Mphunzitsi aliyense adaona chimene chimagwera munthu wophunzira akafunsa funso, ndipo adakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Banda adakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo mwana aliyense adaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kumvera kudalipo pamndandandawo. Kumvetsa kudalibe.

Mu 1968 padadza lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo mabuku ambiri, kuphatikizapo Animal Farm la George Orwell, adaletsedwa. Apayoniya adatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi ndi mwambo wa chipani. M'chipinda cha aphunzitsi munthu sankadziwa kuti ndani mwa anzake ali khutu la boma. Pamenepa mphunzitsi adapeza njira yodzitetezera, ndiyo kulembetsa manotsi. Chimene wakopera pabolodi kuchokera m'buku lovomerezeka sichingakumangitse, koma kukambirana kumene kwayamba ndi funso la mwana sudziwa kumene kukathere. Choncho njira imene idayamba ngati chishango cha wamkulu idasanduka kaphunziridwe ka mwana. Wophunzira wabwino adakhala amene kope lake ndi lodzaza ndipo amabweza mawu a mphunzitsi osasintha ngakhale lemba limodzi. Ambiri mwa ana amenewa adadzakhala aphunzitsi, naphunzitsa monga momwe iwo adaphunzitsidwira.

Nkhani ya zinenero idayenda njira yomweyo. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko, Chingerezi chikhalebe cha ntchito za boma, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziweruza Chichewa cholondola, ndipo Banda mwiniwake ankadzudzula poyera amene ankachilankhula mosamukomera. Mwana wa Chitumbuka, Chitonga, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena adaona mphunzitsi wa kwawo akubisa chinenero chake akalowa m'kalasi. M'makalasi apamwamba ngakhale Chichewacho chinkalangitsa: wolankhula chinenero cha kwawo ankalembedwa dzina ndi mnzake nkupatsidwa chibalo, pomwe aphunzitsi omulangawo ankacheza m'chinenero chomwecho akakhala okha. Mwana adatolapo nzeru ziwiri. Yoyamba, kuti chinenero chimene amaganizira si cha sukulu, choncho ngati funso silikutheka m'Chingerezi ndi bwino kulimeza. Yachiwiri, kuti lamulo ndi la pamaso pa anthu.

Zochitika zina ziwiri zidakhomerera phunziroli. Mu 1981 Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene ana osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo m'nthawi yake Mmalawi sankaloledwa kuphunzitsako. Zaka 17 chilandirire ufulu, dziko lidauza ana ake anzeru kwambiri kuti nzeru zenizeni zili ndi mzungu. Mu 1989 adalamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo za kwawo, ponena kuti a kumpoto sankaphunzitsa mokhulupirika ana a m'zigawo zina. Sukulu zambiri za pakati ndi kummwera zidataya aphunzitsi odziwa ntchito, mabanja adasokonekera, ndipo ana adaphunzira kuti asanamve zimene munthu akunena ayambe afunsa kwawo.

Kumene akulu adakhala mosiyana

Mfundo yathu ikadakhala yofooka pakadapanda chitsanzo cha mbali inayo, ndipo chitsanzocho chikupezeka m'nthawi yomweyo ya mantha. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College adayambitsa Writers Group. Ankakumana mlungu uliwonse, wina nkuwerenga ndakatulo kapena nthano yake, enawo nkuisanthula. Chachilendo chidali choti zolemba za mphunzitsi zinkadzudzulidwa ndi wophunzira monga momwe za wophunzira zinkadzudzulidwira ndi mphunzitsi. M'gulu limeneli mudadutsa Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe. Silabasi ya koleji sidasinthe, apolisi achinsinsi sadachoke, koma m'chipinda chimodzi akulu adavomera kufunsidwa, ndipo mudatuluka mbadwo wa alembi umene dziko likunyadira mpaka lero. Chifukwa cha mantha omwewo, alembiwa adabwerera ku nthano, miyambi ndi zining'a za makolo kuti anene zimene sizikadaneneka poyera.

Boma lidadziwa kuopsa kwa wamkulu wotere. Mapanje, katswiri wa sayansi ya zinenero amene adali mkulu wa nthambi ya Chingerezi, adamangidwa mu Sepitembala 1987 ndipo adakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osazengedwa mlandu. Koma pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, nkudzudzula poyera kusowa kwa ufulu wolankhula komanso mavuto a m'sukulu, padangopita masiku ochepa kuti ophunzira a ku Chancellor College ayende mumsewu wa Zomba kuivomereza, mpaka koleji idatsekedwa. Achinyamata amene anthu ankawayesa ofatsa mwachibadwa adalankhula akulu atangolankhula.

Ufulu udadza, kukhulupirirana kudatsala

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Lidali dalitso kwa mabanja osauka. Koma kuti ana onsewa apeze wowaimirira kutsogolo, boma lidalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 20,000, ambiri a iwo osadutsa ku koleji, amene adangolandira malangizo a milungu iwiri kapena itatu. Ndondomeko ya MIITEP, yowaphunzitsa ali pantchito, idayamba mu 1997. Mphunzitsi wosakhazikika pa phunziro lake, amene wapatsidwa ana oposa 100 pansi pa mtengo, amaopa funso pa chifukwa china: akhoza kusowa yankho pamaso pa ana. Mantha a ndende adatha, koma manotsi ndi kuvomera pamodzi zidatsala.

M'zaka zimenezo akulu ambiri adadandaula kuti ana amva molakwa tanthauzo la demokalase, kuti ufulu wawasandutsa amwano, onyanyala ndi oswa mawindo. Koma ana ankaona chiyani? Ankaona malipiro a aphunzitsi akuchedwa, madandaulo awo osayankhidwa mpaka atanyanyala ntchito. Ankaona ena akusunga mbali ya phunziro kuti akaiphunzitse madzulo kwa olipira. Ankaona malamulo a chinenero akusinthasintha popanda kufunsa amene ali m'kalasi: kalata ya unduna ya mu 1996 idati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku ake sadafike, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro a pulayimale, imene idayamba mu 2007, idati mwana akhale patsogolo pophunzira, azifunsa ndi kukambirana ndi anzake m'magulu. Koma kawirikawiri aphunzitsi ankauzidwa za njirayi pamisonkhano imene iwo eni adakhala chete, nkumakopera manotsi.

Kubera mayeso nakonso kumatchedwa matenda a ophunzira, ndipo likasa lili ndi mbiri yaitali m'sukulu zathu. Koma mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE adaimitsidwa chifukwa mapepala adafalikira asanalembedwe, nkudzalembedwanso mu Januwale 2021, mapepalawo adali m'manja mwa akulu. Mwana sasunga makiyi a chipinda cha mayeso. Pamwambi timati nkhuyu zodya ana zidapota akulu, koma apa zodya akulu ndizo zidapota ana, ndipo ambiri mwa opotedwawo sadabereko.

Kuti mantha akale sadafe msanga zidaoneka mu Febuluwale 2011, pamene mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitana Dr. Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, chokhudza zifukwa zimene zidautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Zimenezi zidatanthauza kuti mawu a m'kalasi adatuluka nkukafika kupolisi. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Dr. Jessie Kabwila-Kapasula, adakana kuphunzitsa mpaka atatsimikiziridwa za ufulu wawo. Anayi adachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo udatha mu Okutobala atabwezeredwa. Ophunzira adataya miyezi yambiri, ndipo ena adawawidwa mtima ndi mbali zonse ziwiri. Komabe adaona chinthu chimene makolo awo sadachione mu 1987: akulu akuimirira pamodzi kuteteza ufulu wofunsa, napambana.

Mawu omaliza

Mbiri imeneyi sikuti ikuimba mlandu mphunzitsi. M'nthawi zonse zimene taonazi, mphunzitsi ndiye adali pansi pa mzere wa akulu, ndipo ankapatsira ana chimene iye adalandira kuchokera kumwamba. Ikutichenjeza za chizolowezi chathu choyamba ndi mwana tikafuna kukonza maphunziro: silabasi yatsopano, mabuku atsopano, malamulo okhwima a mayeso. Zonsezi nzofunika, koma Scott ku Blantyre ndi a Writers Group ku Chancellor College sadayambe ndi silabasi. Adayamba ndi kusintha amene ali ndi ufulu wofunsa mnzake.

Amene akufuna kudziwa ngati ana a pasukulu ina amamvetsa kapena amangomvera, asayambire m'kalasi. Ayambe wakhala nawo pamsonkhano wa aphunzitsi, aone ngati mphunzitsi wamng'ono angatsutse mphunzitsi wamkulu nkugona tulo usiku umenewo. Aone ngati woyendera sukulu amabwera kudzathandiza kapena kudzagwira olakwa, ndiponso ngati kalata yopita ku unduna imayankhidwa. Aone ngati mphunzitsi anganene pamaso pa ana kuti, "Funso limeneli yankho lake ndilibe, tiyeni tikafufuze tonse." Kumene akulu amamvana motero, mwana akati "tamva" tingakhulupirire kuti wamvetsa.